Mwendo Wamanzere ndi Lamulo la Kapitawo Holmen

Lolemba, 2 Malichi 1987

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi la pazenera, ndipo ndikatukula khosi ndikuona doko. Pa kabolodi ka kumutu alemba kuti Eilif Nesheim, zaka 66, mwendo wamanzere. Munthu yense wathera pa mwendo.

Chala chachikulu chada ngati khala, phazi lili zii. Ndakhala ndikubisa chichokereni Khirisimasi, mpaka Gunvor, mwana wanga, anandipezerera ndikuvula sokosi. Ndiye wandibweretsa kuno, ndipo ndiye wandigulira kabuku aka. Akuti ndizikalipira pepala m'malo mokalipira anamwino.

Atenga magazi, ayeza mtima. Kaliwo wanga amulanda pakhomo pomwe.

Lachiwiri, 3 Malichi

Pa bedi loyandikana nane pali a Ingvald Lothe, mlimi wa nkhosa wa kumapiri. Ali ndi miyala m'ndulu komanso pakamwa posatopa. Atamva kuti ndinali msilikali wa panyanja nthawi ya nkhondo, kenako womanga zingwe pa sitima yowolotsa anthu, anandipatsa dzina lakuti Kaputeni. Ndawauza kuti sindinalamulirepo ngakhale bwato la ana. Akuti zilibe kanthu, nkhope yanga ndi ya munthu wosowa womulamula.

Wamkulu wa wodi ndi Sisitala Turid, mayi wojintcha wa mawu ochepa. M'mawa wandipeza ndili pampando, bulangete m'mapewa, bedi lili choyalidwa.

"A Nesheim, bedi ili boma linagulira inu."

"Ndimagona chokhala, sisitala. Pang'onopang'ono, ngati nkhuku."

Anangondiyang'ana, n'kulemba kenakake. Malemu mkazi wanga Asbjorg anatopa nayo nkhani imeneyi tisanathe ndi chaka m'banja. Anangogula mpando wabwino, basi.

Nkhomaliro: nsomba yowiritsa, mbatata, kaloti. Mchere anauonetsa patali.

Lachitatu, 4 Malichi

Andijambula mitsempha. Amalowetsa kachubu mphechepeche n'kuthira mankhwala otentha ngati khofi, kenako makina amajambula m'mene magazi akuyendera. Ndagona chagada maola ambiri, kathumba ka mchenga kali pabala.

Madzulo kwabwera Dokotala Haugland, wamng'ono kwa Gunvor koma wolankhula mosazungulira. Ndamukonda. Akuti mtsempha waukulu watsekeka pamwamba pa bondo, fodya ndi kuzizira kwakale zinathandizana. Angathe kutenga mtsempha wina m'mwendo momwemo n'kuulumikiza kuti magazi alambalale potsekekapo. Zikapanda kutero, kudako kukwera, ndipo adzadula pamwamba pa bondo.

Nyumba yanga ili pamwamba pa phiri, njira yake ndi masitepe okhaokha. Wa mwendo umodzi kumeneko sakhalako. Zikatero ndiye kuti ulendo wa kunyumba yosungira okalamba.

Ndinati chitani. Iye anati ndi ntchito ya maola atatu, adzandigonetsa, sindidzamva kanthu.

Ndinati ayi. Anaganiza kuti sindinamve, anabwereza. Ndinabwerezanso.

Lachinayi, 5 Malichi

Gunvor wabwera ndi buledi wa kunyumba, tchizi chofiirira ndi mkwiyo wa mayi ake.

"Bambo, anthu amagonetsedwa tsiku ndi tsiku n'kudzuka. Makanda amene! Inu mukuopa chiyani?"

"Sindikuopa. Sindikufuna."

"Ndiye mwendo upite chifukwa cha liuma?"

Ndinatembenukira kuzenera. Anapita maso ali psuu, buledi n'kumusiya pa bulangete. Mwana ameneyu amandikonda kuposa m'mene ndikuyenera. Sindinamuuzepo za thandala limene ndinapulumukirapo panyanja nthawi ya nkhondo, ndipo Asbjorg anapita nazo kumanda.

Ululu wakula. Mapiritsi awiri oyera m'mawa, awiri madzulo. Aja ogonetsa ndawakana.

Lachisanu, 6 Malichi

Ndachita zochititsa manyazi.

A Ingvald anapita ku opaleshoni m'mawa. Masana anawabweretsa ali mbee, milomo yotuwa, akunjenjemera. Anamwino anawafunditsa n'kutuluka. Ndinamva akunong'ona kuti, "Kukuzizira." Kenaka anati, "Ayi, kwayamba kufunda," maso n'kumatseka.

Sindikudziwa m'mene ndinafikira pa bedi lawo ndi mwendo wovundawu. Ndinangozindikira ndawagwira kolala, ndikuwamenya paphewa, kenako khofi patsaya.

"Ingvald! Ingvald Lothe! Tchula chakudya!"

Diripi inagwa, munthu anakuwa ngati nkhosa yogwidwa ndi galu. Sisitala Turid anandinyamula ngati thumba la mbatata n'kundikhazika pampando. Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira.

Ulusi wosokera bala lawo sunaduke. Ndathokoza Mulungu.

Loweruka, 7 Malichi

M'mawa ndinapepesa. A Ingvald analoza tsaya lawo.

"Kaputeni, mpeni wa dokotala sindinaumve, koma dzanja lanu ndinalimva. Kwanu odwala mumawazonda chonchi? Tandiuzani, chakudya munkachifunacho ndi cha chiyani?"

Munthu ukamumenya ali chigonere, ali ndi ufulu wofunsa. Ndinawauza, ndipo ndilemba pano m'mene ndinawauzira.

Munali m'nyengo yozizira, chaka cha 1943. Sitima yathu inali yaing'ono, yoperekeza sitima za katundu kumpoto. Ine ndinali pa mzinga wa kumbuyo. Bomba la pansi pa madzi linatipeza m'mawa, wophika atangotulutsa khofi. Sitima inathyoka pakati ngati bisiketi, ndipo ndisanamalize kuvula nsapato inali itapita. Tinakwera pa thandala lopulumukira, matabwa omangidwa pa migolo, anthu khumi ndi angapo. Madzi ankatifika m'chiuno funde lililonse likabwera.

Kuzizira kwa kumeneko kuli ndi ndondomeko yake. Poyamba umanjenjemera. Kenako miyendo imafa, ukaitsina sumva. Kenako umamva kufunda, kufunda kokoma ngati wakhala pafupi ndi mbaula ya amayi ako, ndipo tulo timabwera. Wogona sankadzuka.

Kapitawo wathu Holmen, munthu woipa pakamwa amene tonse tinkamuda, anatikhazika mozungulira, mikono yokolana. Anaika lamulo. Aliyense amenye phewa la mnzake wa kumanzere, amuitane dzina lonse, ndipo woitanidwayo ayankhe ndi dzina la chakudya. Osati "ndilipo", chifukwa "ndilipo" munthu amatha kunena ali kale m'njira. Chakudya, ndipo chisakhale chimene wina watchula kale, kuti mutu ugwire ntchito. Wobwereza ankalandira khofi patsaya. Wolephera ankalandira awiri.

Tinayamba ndi nyama ya nkhosa yophika ndi kabichi, makeke a Khirisimasi, nsomba ya mchere. Tsiku lachiwiri tinali tikutchula phala lopserera ndi zikhokho za m'poto. Mnyamata wina wa ku Bodo anatchula sopo, ati anadyapo ali mwana, ndipo Holmen analola. Tinaseka, milomo ikung'ambika. Ulendo wotsatira mnyamatayo sanayankhe.

Sitima ya Angelezi inatitola tili asanu. Holmen sanali mmodzi wa ife. Anatimenya tonse mpaka mapeto, koma amene ankayenera kumumenya iye anali atagona kale, ndipo sitinazindikire msanga kuti mzere waduka.

Anzanga anayi aja anatha mmodzimmodzi, wotsiriza chaka chatha. Ine ndinapatsidwa mkazi wabwino, mwana, ntchito, ndi zaka makumi anayi za khofi wotentha. Sindidandaula. Koma kutseka maso dala, munthu wina n'kundiuza kuti gonani mudzuka, thupi langa limakana ndisanaganize n'komwe.

A Ingvald anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, chinthu chimene sindinkadziwa kuti amatha. Kenako anati, "Iwe Eilif, ndiwe chitsiru. Koma ukanandisiya ndikanakudandaula." Kuyambira pamenepo tikuitanana iwe.

Lamlungu, 8 Malichi

Mkazi wa Ingvald wabwera ndi mwendo wa nkhosa wouma, wamchere, woti mwamuna wake saloledwa ngakhale kununkhiza. Wandidulira ine, iye akuyang'ana.

"Taona, Magnhild, ukudyetsa munthu amene anafuna kukusandutsa wamasiye."

"Akanamenya kawiri," anatero mayiyo. "Ine zaka zonsezi ndimangolakalaka."

Chala chachiwiri chayamba kuda. Gunvor sanabwere, waimba foni ku ofesi ya anamwino kufunsa ngati ndadya.

Lolemba, 9 Malichi

Dokotala Haugland wabwera ndi nzeru ina. Akuti pali jakisoni wa pamsana. Munthu amakhala maso, koma kuyambira m'chiuno kutsika samva kanthu.

"Miyendo imafa?"

"Kwa maola ochepa. Poyamba mudzamva ngati kufunda, kenako…"

Ndinamuuza kuti asapitirize. Mwana wa anthu amaganiza kuti wandibweretsera mphatso, osadziwa kuti wandiwerengera ndondomeko yonse ya pa thandala. Anapinda mapepala ake n'kunena kuti malo a ku fiyeta, kopangira opaleshoni, andisungira mpaka Lachinayi. Kupitirira apo sakulonjeza zolumikiza, adzangodula.

Atatuluka, Ingvald anati, "Nkhosa ikakana kuwoloka mlatho sitikambirana nayo, timaikoka." Ndinamuuza kuti asamale, tsaya linalo likadalipo.

Usana wonse ndayang'ana phazi. Lakhala nane pa thandala, landikweza masitepe aja ndili ndi Gunvor pamsana. Ndikulitaya ndikuona, ndipo ndikudziwa kuti wolakwa ndine.

Lachiwiri, 10 Malichi

Ingvald sasunga chinsinsi. Ndinapita kosambira, pobwera ndinapeza Sisitala Turid ataima pa bedi langa, manja m'chiuno.

"A Nesheim, lamulo la kapitawo wanu lija. Woitana ayenera kukhala msilikali?"

Ndinayang'ana Ingvald. Anali atabisala kuseri kwa nyuzipepala, ataigwira chadodolido.

"Ayi," ndinatero. "Bola akhale ndi dzanja."

"Dzanja ndili nalo, mwalimva kale. Lachinayi ndi tsiku langa lopuma. Ndapempha kwa dokotala, wandilola kukhala kumutu kwanu. Akubayani wa pamsana uja. Mankhwala ogonetsa sakupatsani ngakhale dontho. Ine ndizikumenyani phewa n'kumakuitanani, inu muzitchula zakudya zanuzo."

"Nanga ndikabwereza?"

"Khofi."

"Nanga inuyo adzakuitanani ndani? Mzere suyenera kuduka."

Sanaseke. Anaganiza kaye, n'kunena kuti, "Mukayankha, muzindiitana inuyo. Ine ndimadziwa zakudya zambiri kuposa inu, thupi likuchitira umboni."

Ndinamufunsa chifukwa chake akutaya tsiku lake lopuma pa nkhalamba yomenya odwala. Anati bambo ake anali pa sitima za katundu nthawi ya nkhondo, ndipo mpaka imfa yawo ankagona atavala nsapato. Palibe anawafunsapo chifukwa chake. Atatero ananyamula beseni n'kutuluka.

Ndavomera.

Lachitatu, 11 Malichi

Ndasaina. Andimeta mwendo wonse n'kuupaka mankhwala achikasu, adokotala ajambulapo mizere ndi cholembera. Kudya kulekeza madzulo ano.

Gunvor wabwera. Ndamuuza zonse, za Holmen, za sopo, za mpando. Analira mwakachetechete, kenako anapukuta mphuno n'kutulutsa pensulo, ati tilembe zakudya ndiloweze. Ndinakana, kumeneko n'kubera. Holmen akanatiponya m'madzi tonse awiri.

Mantha alipo. Sindibisa.

Lachisanu, 13 Malichi

Zatheka dzulo. Ndili ndi machubu awiri. Mphamvu zolembera palibe. Mwendo ulipo.

Loweruka, 14 Malichi

Mphamvu zabwerako pang'ono, ndilembe ndisanaiwale.

Anandikhazika chowerama, jakisoni analowa pamsana. Kufunda kunayamba kumapazi n'kumakwera, chimodzimodzi. Anaika nsalu yobiriwira pachifuwa kuti ndisaone. Ndinayesa kugwedeza chala, panalibe. Mtima unagunda ngati injini yakale, ndipo ndinamva fungo la mafuta a sitima, m'chipinda choyera ngati chimenecho. Ndinati ndidzuke ndithawe, koma ndithawa ndi chiyani?

Pamenepo phewa linalira, phaa!

"Eilif Nesheim!"

"Nyama ya nkhosa ya kabichi. Turid Vik!"

"Supu wa nandolo."

Mayiyu samenya mosewera. Tinapita choncho, nsomba ya mchere, soseji, phala la mpunga la batala pakati, mabulosi a m'dambo othira kirimu. Dokotala Haugland kuseri kwa nsalu anati, "Anthu inu, ena sitinadye m'mawa." Wothandizira wake anayamba kuponyamo zake, Turid anamuletsa, ati sali mu mzere. Kamodzi ndinabwereza kaloti dala kuti ndione. Tsaya likadawawa.

Ndinayankha ulendo uliwonse mpaka anatsitsa nsalu. Maola atatu, osaphonya. Ndauza wodi yonse.

Chala chachikulu achotsa, chinali chitapita kale. Chachiwiri akuti chibwerera.

Lamlungu, 15 Malichi

Gunvor anafundukula bulangete n'kugwira phazi ndi manja awiri.

"Bambo, likutentha!"

Anandipinda kuti ndiligwire ndekha. Likutenthadi, ndipo lafiira ngati la khanda. Phazi limeneli silinafundepo chichokereni pa thandala, ngakhale m'chilimwe. Asbjorg ankati kugona pafupi nalo kuli ngati kugona ndi nsomba. Ndinalira pamaso pa mwana wanga ndi pamaso pa mlimi wa nkhosa, ndipo sindinachite manyazi.

Likupweteka koopsa. Dokotala akuti ndiwo magazi akugogoda m'makomo amene anatsekedwa kalekale. Lipweteke.

Lachitatu, 18 Malichi

Machubu achotsa. Mapiritsi ochepetsa kuundana kwa magazi, limodzi m'mawa, moyo wonse. Fodya ndiye tasiyana.

Ndayenda ndi chogwirira mpaka pakhomo la wodi, dzulo ndinalekeza pa sinki. Mtsikana wophunzitsa kuyenda akuti Lachisanu tiyesa masitepe.

Bala la Ingvald lachita mafinya pang'ono, ndiye amusunga. Akuuza aliyense kuti ndi chifukwa cha khofi langa lija. Ndamuuza kuti ndulu sikhala patsaya.

Lachisanu, 20 Malichi

Masitepe: kukwera ndi mwendo wabwino poyamba, kutsika ndi wodwala poyamba. Ndakwera mpaka potembenukira n'kubwerera. Thukuta ngati ndasenza nangula, koma ndakwera. Dokotala akuti Lolemba kunyumba. Kunyumba kwanga, paphiri.

Ndaganiza zambiri za Holmen. Tinkamutukwana kuseri, ndipo sindinamuthokozepo. Lero lamulo lake landipulumutsa kachiwiri.

Lolemba, 23 Malichi

Atitulutsa tonse awiri, ine ndi Ingvald. Ndikulemba nditavala kale, ndikudikira Gunvor.

M'mawa kunabwera wodwala watsopano, wa opaleshoni mawa, nkhope ili gwaa ndi mantha. Ndinayamba kumulimbikitsa, kumuuza m'mene ine ndinakhalira maso maola atatu osaphethira. Ingvald anali akumanga chikwama. Ndinaona mapewa ake akugwedezeka.

"Ukuseka chiyani?"

"Palibe, Kaputeni."

"Nena."

"Iwe, ine ndikupita kwathu, sindingafe nacho. Wokankha machira wa ku fiyeta akuti mkonono wako unkamveka mpaka pakhonde. Ankaganiza kuti abweretsa macheka a matabwa."

Ndinamutcha wabodza, mbusa wa nkhosa zopanda nzeru. Ndinatenga ndodo n'kupita ku ofesi ya anamwino. Turid anali akuwerenga mapiritsi.

"Sisitala, ndinagona?"

Anatseka botolo kaye. "Munagona."

"Munalonjeza."

"Ndinalonjeza kuti sitikupatsani mankhwala, ndipo sitinakupatseni. Ola loyamba munayankha bwinobwino. Kenako ndinaitana, zii. Ndinatukula dzanja kuti ndikupatseni khofi lanu, ndiye ndinaona nkhope yanu. A Nesheim, masiku khumi onse ndinali ndisanakuoneni mutamasula chipumi. Mtima unkagunda bwino, mpweya uli bwino, makina onse akuvomereza. Ndinatsitsa dzanja n'kuliika paphewa, ndipo silinachokepo."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Kupitirira ola."

Ndinakhala pa mpando wake osapempha. Ndinafuna kukwiya, mkwiyo osabwera. Ku fiyeta kuja, miyendo itafa, kufunda kutabwera, ndinagona. Ndondomeko yonse inatha, mpaka kumapeto kwake.

"Ndiye anandidzutsa ndani?"

"Palibe."

"Wina anandidzutsa, sisitala. Munthu sadzuka yekha."

"Munadzuka nokha. Dokotala akusoka, munangotsegula maso n'kukuwa kuti, 'Mbatata yokazinga! Turid Vik!' Wothandizira anagwetsa sizasi. Ine ndinayankha kuti buledi, tinapitiriza."

Ndinakhala pamenepo nthawi ndithu. Iye anabwerera ku mapiritsi ake, osandithamangitsa. Ndinkaganiza za mnyamata wa sopo ndi ena onse aja, ndi zaka zonse za pampando, Asbjorg ali yekha pa bedi la anthu awiri. Chisoni chinalipo, koma chimene chinadzaza chifuwa ndi kuthokoza. Ndinagwira dzanja lake lija, lomenya ngati nkhafi. Anati ndisamuchedwetse, ali ndi odwala enieni.

Ingvald wandiitana kumapiri nthawi yometa nkhosa, akuti kuli bedi la alendo ndipo nkhosa sizidandaula mkonono. Ndamuuza kuti ndibwera.

Gunvor wafika. Wanyamula nsapato zanga, zonse ziwiri.